Lenzi yakale pa kamera ya masiku ano: zithunzi zina zikuyera mbee, zina zikuda bii

Funso lachokera kwa wowerenga wa ku Chinamwali, ku Zomba:

"Ndimajambula zithunzi pa maukwati, zinkhoswe ndi masiku a omaliza maphunziro. Kamera yanga ndi Canon 600D yomwe ndinagula kwa munthu. Malume anga atamwalira tinapeza m'sutikesi mwawo kamera ya filimu ya Zenit, ili ndi lenzi yolembedwa Helios 44-2, 58mm. Ndinaitanitsa adaputala ndipo lenziyo yalowa bwinobwino, koma kamera ikulemba F00. Zithunzi zina zikutuluka zoyera mbee, zina zakuda bii, pamalo amodzimodzi. Mnzanga wa Nikon D3200 atayesa lenzi yakale ya Nikon, mita yake inangozimiratu. Kodi lenziyi ndi yakufa, kapena ndikulakwitsa penapake?"

Achimwene, poyamba pepani ndi maliro a malume. Lenzi imene akusiyiraniyo ndi yamoyo ndithu, ndipo F00 mukuonayo si matenda. Kamera ikungokuuzani kuti sikumva kanthu kuchokera ku lenzi. Tachotsani lenzi yanu ya masiku onse ija muyang'ane kumbuyo kwake: muona titsulo tating'ono tonyezimira ngati golide, tondandalikana m'mphepete. Pamenepo ndi pomwe lenzi ndi kamera zimalankhulirana. Kuyambira 1987, pamene Canon inayamba kupanga malenzi a EF, lenzi imauza kamera kukula kwa bowo lake lolowera kuwala, lija ojambula amati aperture, ndipo kamera ndiyo imalamula kuti bowolo lichepe pa kamphindi komwe mwadina batani. Nthawi yonse imene mukusuzumira, bowo limakhala lotsekuka lonse. Kamera imayeza kuwala pamenepo n'kuchita masamu yokha kuti ikatseka kufika pa f/8 padzafunika sipidi yanji ya shata, kachitseko kamene kamatseguka kwa kanthawi kuti kuwala kulowe. Helios ilibe titsulo timeneto. Inapangidwa ku Soviet Union motengera lenzi ya ku Germany yotchedwa Biotar, ndipo chilichonse pa iyo chimayenda ndi dzanja. Adaputala yanuyo ndi mphete chabe, yolumikiza mazinga a M42 ndi pakamwa pa Canon.

Tsono mita ya m'kamera yanu, kachida koyeza kuwala, sinafe. Ikuyezabe, koma ikuyeza kuwala kumene kukulowa pa nthawi yomweyo basi, osadziwa kuti dzanja lanu lipotoza chiyani pambuyo pake. Vuto lanu lonse lagona pamenepa.

Helios 44-2 ili ndi mphete ziwiri za bowo cha kutsogolo. Ina imadumpha nambala ndi nambala, kuyambira 2 mpaka 16, ndipo imalira mukamaipotoza. Ntchito yake ndi kuika malire. Inayo imayenda mosalala, yosalira, ndipo ndi imeneyo yosunthira timasamba tachitsulo ta m'kati, kuchokera potsekula penipeni kufika pa malire munaika aja. Anaipanga choncho dala, kuti wojambula aike fokasi akuona bwino, kenako apotoze kamodzi osachotsa diso pa kamera. Timadontho tofiira ta pa mphetezo tasokoneza anthu ambiri, choncho musatidalire. Itembenuzeni lenzi ikuyang'aneni, mupotoze mphete yosalalayo uku ndi uku, muone ndi maso anu mbali imene bowo likuchepa. Chitani zimenezi mpaka zala ziloweze.

Manambalawo ali ndi masamu ake. Kuchoka pa 2 kupita pa 2.8, kuwala kolowa kumatsika ndi theka. Pa 4 theka linanso, kenako 5.6, 8, 11, 16, chimodzimodzi. Kudumpha kumodziko ojambula amati stop, ine pano ndiziti sitepe. Kuchoka pa f/2 kufika pa f/8 ndi masitepe anayi, ndiye kuti kuwala kwatsala gawo limodzi mwa magawo 16. Taganizani gudumu la pamwamba pa kamera lili pa M, pamene sipidi mumaika nokha. Mwayeza bowo lili lotsekuka, mita yagwirizana ndi 1/2000, kenako mwapotoza mphete kufika pa f/8 n'kudina. Chakuda bii chija ndi chimenecho. Wabwera munthu wotsatira, mwakonza sipidi bowo lili lotseka, mita yati 1/125. Mwatsekula kuti muone bwino maso ake, fokasi yagwira, iye wamwetulira, inu mwadina msangamsanga osabweza mphete. Kuwala kwalowa kowirikiza ka 16. Choyera mbee chija ndi chimenecho.

Mankhwala ake ndi kusunga dongosolo limodzi mpaka lilowe m'magazi: tsekulani bowo, ikani fokasi, tsekani bowo, yezani kuwala, kenako dinani. Kuyeza kuzibwera bowo litatsekedwa kale, nthawi zonse. Musaone ngati ndi njira yongodzithandizira ya anthu osowa ndalama zogulira malenzi atsopano. Pentax Spotmatic, imene inatuluka mu 1964 n'kufala padziko lonse, inkayeza chomwechi: unkakankha kabatani ka pambali, bowo n'kutseka, posuzumira n'kuchita mdima, singano ya mita n'kuyenda. Ndipo ngati Zenit ya malumeyo ndi Zenit-E, mita yake ili panja, pamwamba pa lenzi, yosalumikizana ndi china chilichonse. Malumewo ankawerenga manambala n'kuwasamutsa okha ndi dzanja, ndipo zithunzi zinkatuluka.

Pa gudumu la pamwamba pa Canon yanu, zilembo zimene zili ndi ntchito ndi lenzi imeneyi ndi Av, pamene kamera imasankha yokha sipidi, ndi M. Tv isiyeni, chifukwa imafuna kuti kamera isankhe bowo, chomwe singathe. A wobiriwira uja, wosiyira kamera zonse, musiyeninso. Pa Av, dinani batani pang'ono n'kumapotoza mphete yosalala ija. Muona sipidi ikutsika yokha, 1/2000, 1/1000, 1/500, kutsatira dzanja lanu. Kwa munthu wongoyamba kumene, Av ndi poyambira pabwino, pakuti ngakhale mutaiwala kutseka bowo, kamera imayezanso pa nthawi yodina. Koma diso lanu lisachoke pa sipidi. Sensa ya 600D, kachipangizo kolandira chithunzi m'malo mwa filimu, ndi yaing'ono poyerekeza ndi filimu, timachulukitsa ndi 1.6, moti 58mm imaona mopanikiza ngati 93mm. Lenziyi ilibenso chogwiriziza manja akamanjenjemera. Sipidi ikatsika kupitirira 1/125, kwezani ISO, nambala yothandiza kamera kujambula ndi kuwala kochepa, kuchoka pa 100 kupita pa 400 kapena 800, musadikire kukaona kunyumba kuti nkhope zonse zagwedezeka. Kuchepa kwa sensako sikusintha kuwala. F/2 ndi f/2 basi.

Koma pa ntchito imene mumagwira inuyo, ine ndimakhala pa M, ndipo chifukwa chake ndi zovala zathu. Mita iliyonse, kaya lenzi ndi yakale kaya yatsopano, imaganiza kuti dziko lonse ndi lotuwa pakatikati, losayera losada, ngati phulusa lonyowa. Chilichonse chimene mwailozetsa imafuna ichisandutse mtundu umenewo. Tsiku la omaliza maphunziro panja pa Great Hall, holo ya pa yunivesite ku Zomba, mnyamata wavala mkanjo wakuda, suti yakuda, chipewa chakuda, wadzaza chithunzi chonse. Mita ikuona mdima, ikuchedwetsa sipidi kuti mkanjo utuwe. Mkanjo utuwadi, koma kolala yoyera ipsa, chipumi chonyezimira thukuta chipsa, pepala la m'manja mwake lituluka lopanda chilembo. Mutembenuke mujambule amayi a Mvano atavala mabulauzi oyera ndi maduku oyera. Mita ikuona kuwala kochuluka, ikufulumizitsa sipidi, zoyerazo zituluka zotuwa ngati zosachapa, nkhope za amayiwo n'kumira mumdima, maso osaoneka. Dzuwa silinasinthe pakati pa zithunzi ziwirizi, yasintha ndi nsalu. Pa Av mukhoza kukonza pogwira batani la Av+/- kumbuyo kwa kamera n'kupotoza gudumu: pa mkanjo wakuda kuchotsera sitepe imodzi, pa zoyera kuwonjezera imodzi. Koma anthu akamabwera motsatizana, aliyense ndi chovala chake, makolo akuitana uku ndi uku, mudzatopa nazo ndipo mudzaiwala.

Ndimaumirira pa nkhopezi chifukwa ndi zimene anthu amalipirira. Mayi amene wagulitsa mbuzi kuti abwere kudzaona mwana wake atavala mkanjo akufuna nkhope ya mwanayo monga mmene ilili, osati yotuwitsidwa ngati wadwala, osatinso yomira. Mukayeza pa tsaya la munthu wakuda bwino n'kuika kamzere ka mita pa 0, kamera imuyeretsa kuposa mmene alili. Kawirikawiri khungu lotere limatuluka bwino kamzereko kakakhala pansi pa 0 ndi theka la sitepe kapena sitepe yathunthu, malinga ndi munthu.

Chophweka ndi kuyeza pa chinthu chosavala zovala. Kapinga wobiriwira amene ali m'kuwala komweko kumene mwaimika anthu anu amayandikira kwambiri kutuwa kumene mita imafuna. Tsekani bowo pa f/5.6, lozetsani kamera pa kapinga, potozani gudumu mpaka kamzere kafike pa 0, jambulani chithunzi chimodzi choyesera. Pa M manambala amenewo sasunthanso, abwere wa mkanjo wakuda, abwere wa diresi yoyera, kufikira mtambo utaphimba dzuwa kapena inu mutasamukira pamthunzi. Udzu wouma wa m'chilimwe umawala kwambiri kuposa wobiriwira, choncho nyengo imeneyo gwiritsani ntchito chikhatho chanu. Chikhatho chimawala kuposa kutuwa kuja ndi sitepe pafupifupi imodzi, ndiye kamzere muzikaika pa +1. Chiyeseni kamodzi pambali pa kapinga wobiriwira kuti mudziwe nambala yeniyeni ya chikhatho chanu. Mu menyu, pa kayezedwe ka kuwala, sankhani Center-weighted average. Ndi lenzi yosalankhula ndi kamera, kayezedwe kameneka sikasinthasintha mosadziwika bwino.

Pali chinanso chimene ambiri sachidziwa, ndipo chimagwetsa ulesi ngakhale amene akutsata dongosolo lija bwinobwino. M'makamera okhala ndi kalilole m'kati, ngati yanuyo, mita siyeza pa sensa mukamasuzumira. Imayeza kuwala kodutsa pa kagalasi kali pamwamba pa kalilole, kamene inu mumaonapo chithunzi. Kagalasi kameneka anakapanga kuti kazioneka kowala ndi malenzi a masiku ano, ndipo kuwala kwake sikutsika molingana ndi mmene bowo likuchepera. Ndi lenzi ya Canon, kamera imadziwa bowo ndipo imadzikonza yokha. Ndi Helios sidziwa kanthu. Choncho mita ikhoza kulondola pa f/4 koma n'kuphonya pa f/2 kapena pa f/11, pena ndi theka la sitepe, pena kuposa apo. Kuphonyako kumasiyana kamera ndi kamera, ndiye yanuyo muiyese nokha. Tsiku lopanda mitambo ikani kamera pa tebulo pakhonde, iyang'ane khoma lapulasitala lomwe lili pamthunzi. Ikani ISO 200, mukhale pa Av. Jambulani pa 2, pa 2.8, pa 4, mpaka 16, zithunzi zisanu ndi ziwiri. Zonse zimayenera kufanana kuwala kwake. Zimene zawala kwambiri kapena zada, lembani pa kapepala mumate pa chivundikiro cha lenzi: pa nambala yakuti chotsa theka, pa yakuti wonjezera. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mphindi khumi za pakhondezi zidzakupulumutsani pa ukwati wa eni ake.

Poyesapo tsekani posuzumira. Kuwala kolowera kumbuyo kumafika pa mita, ndipo bowo likakhala pa f/11 kolowera kutsogolo kumakhala kochepa, moti ka kumbuyoko kamanamiza mita, chithunzi n'kutuluka chakuda. Pa lamba wa Canon pamakhala kalabala kakuda kamene ambiri sadziwa ntchito yake; ndi kotsekera pamenepo. Mukamajambula panja diso ligunde ndithu pa kamera, ndipo ngati mumavala magalasi a maso, chipewa chidzakuthandizani dzuwa likakhala kumbuyo kwanu.

Mukajambula, sikirini musaikhulupirire. Masana pa dzuwa imaoneka yakuda, inu n'kuwonjezera kuwala kosafunika. Usiku imawala kwambiri, inu n'kuchepetsa. Pa ma Canon ena, ngakhale Live View, yomwe imaonetsa chithunzi pa sikirini musanajambule, imaonetsa kuwala kosiyana ndi kumene kutuluke pa chithunzi lenzi ikakhala yopanda titsulo tija. Chodalirika ndi histogram ya chithunzi chimene mwajambula kale. Tsekulani chithunzicho, dinani INFO mpaka muone kaphiri kojambulidwa pambali pake. Kumanzere ndi mdima, kumanja ndi kuwala. Kaphiriko kakakankhana ndi khoma lakumanja n'kukwera nalo, zoyera zapsa, ndipo malo opsawo amaphethira pa kachithunziko. Chopsa sichibwerera, ngakhale mutakhala pa kompyuta usiku wonse. Chakuda pang'ono chimadzutsika, makamaka ngati mwajambula pa RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene sensa yalandira. Pa ukwati ndimachita chonchi: ndimayesa pa diresi ya mkwatibwi, kuwonjezera kuwala pang'onopang'ono mpaka diresiyo itayamba kuphethira, kenako ndimabwerera kudina kumodzi kwa gudumu. Kudina katatu ndiyo sitepe imodzi. Ndikatero nkhope zalandira kuwala konse kumene zikanatha kulandira, maluwa osokedwa pa diresi akuonekabe. Kunyezimira kwa mphete kapena galasi la galimoto kukaphethira, musade nako nkhawa.

Za mnzanu wa Nikon, kamera yakenso sinaonongeke. Ma Nikon a D3000 ndi D5000 ndi abale awo, kuphatikizapo D3200, sayeza kuwala n'komwe lenzi ikakhala yopanda titsulo. Amalola kujambula pa M pokha, mita ili chete. Akuluakulu awo monga D7000, D300 ndi D700 ali ndi kachitsulo kowerenga mphete ya malenzi a AI, amene Nikon inayamba kupanga mu 1977, ndipo amayeza bwino ukalemba mu menyu kutalika kwa lenzi ndi bowo lake lalikulu. Pa makamera amenewa, lenzi ya Nikon yakale kuposa 1977 imene sinakonzedwe ikhoza kuthyola kachitsuloko, choncho isakakamizidwe. Akadzafuna kubwereka Helios yanu, mumuuziretu kuti zakutali sizigwira fokasi. Lenzi ya M42 imafuna ikhale mamilimita 45.46 kuchokera pa sensa; pa Canon mpatawo ndi 44, adaputala imakwana pakati, koma pa Nikon ndi 46.5, wapitirira kale. Wa Pentax ali ndi batani lobiriwira lomwe pa M limayeza n'kuika sipidi. Wa kamera yopanda kalilole, Sony kapena Fujifilm, angolola mu menyu kuti kamera izijambula ngakhale sikuona lenzi. Imayeza pa sensa penipeni, ndipo vuto la kagalasi lija kulibe.

Ndiye mnzanuyo achite bwanji mita ili chete? Aphunzire kuwerenga dzuwa, ndipo inunso phunzirani, chifukwa chimenechi n'chimene chidzakuuzani msanga kuti mita yanu yasochera. Lamulo lake ojambula amati Sunny 16. Dzuwa likawala bwino, mithunzi ili yakuda yooneka malire ake, bowo likhale pa f/16 ndipo sipidi ifanane ndi ISO: pa ISO 100, sipidi 1/100. Zina zonse zimachokera pamenepo. Mukatsekula bowo ndi sitepe imodzi, sipidi iwirikize: f/11 ndi 1/200, f/8 ndi 1/400, f/5.6 ndi 1/800, f/4 ndi 1/1600. Kuwala kukachepa, siyani sipidi pa 1/100 muzitsekula bowo. Dzuwa lodutsa m'kamtambo kopyapyala, kapena mu utsi uja umaphimba phiri mu Seputembala ndi Okutobala tchire likamapsa, ndi f/11. Mitambo yoti mithunzi sikuoneka ndi f/8. Chiperoni cha mu Juni ndi Julaye, kumwamba kuli kotuwa, kamvula kakuwaza, ndi f/5.6. Pansi pa mtengo waukulu masana, kapena dzuwa likamalowa, ndi f/4.

Zomba amaphunzitsa lamuloli msanga chifukwa kuwala kwake sikukhazikika. Mutha kunyamuka kumsika dzuwa likuswa mtengo, pa f/16, koma pofika ku damu la Mulunguzi n'kupeza chifunga chatsika, ndipo mukalowa pansi pa mitengo ya paini kuwala kwatsika ndi masitepe asanu kapena asanu ndi limodzi. Tsiku lina la chiperoni ndinaima pa msewu wokwera phiri kuti ndijambule mtsikana wogulitsa sitiroberi. Anali atafunda chitenje mpaka kumutu, mbale ili m'manja, kumbuyo kwake chifunga choyera chokhachokha. Mita inaona chifungacho n'kupereka sipidi yothamanga ngati kuli dzuwa. Ndinadziwa kuti sizoona, pakuti panalibe mthunzi ngakhale umodzi pansi. Ndinaika ISO 400, f/4, 1/500, ndipo nkhope yake inatuluka ndi timadontho ta madzi pa nsidze, zipatso zili psuu, chifunga chili choyera monga mmene chinalili. Chifunga, madzi a Chilwa masana, thambo la pa Emperor's View mukamaloza ku Mulanje, zonsezi zimanamiza mita mofanana ndi mabulauzi a Mvano aja.

Anthu ambiri amaikondera Helios chifukwa cha mmene imazunguzira masamba ndi kuwala kumbuyo kwa munthu ikakhala pa f/2. Koma pitirizani masamu aja: f/2.8 ndi 1/3200, f/2 ndi 1/6400. Shata ya 600D imathera pa 1/4000. Ndiye kuti masana pa dzuwa, f/2 ipsereza chithunzi ngakhale pa ISO 100, ndipo pa Av muona 4000 ikuphethira kukuchenjezani. Tsikirani pa f/2.8, kapena gulani fyuluta yakuda yochepetsa kuwala, yotchedwa ND, ya mamilimita 49, kapena, chimene ine ndimakonda, musunthireni munthuyo pamthunzi, masamba owala akhale patali kumbuyo kwake. Pamenepo ndi pomwe lenziyi imaonetsa ukoma wake, ndipo munthu satsinzinanso ndi dzuwa.

Musiyanitsenso kupsa ndi kutuwa mbuu. Galasi la Helios silinapakidwe zoteteza zambiri ngati malenzi a lero, moti dzuwa likaliwomba cha kutsogolo, chithunzi chonse chimachita ngati mwathira utsi. Histogram idzakuuzani: kupsa kumagunda khoma lakumanja, pomwe kutuwa kotereku kumasiya mpata kumanzere, chakuda chenicheni osapezeka. Kufulumizitsa sipidi sikuchiza zimenezi; tchingani dzuwa ndi dzanja pamwamba pa lenzi, kapena sunthani phazi limodzi. Ngati mbuuyo sakuchoka ngakhale dzuwa lili kumbuyo kwanu, walitsani tochi ya foni kudutsa m'lenzi bowo lili lotsekuka. Mukaona tinthu tonga ukonde wa kangaude, ndi chuku. Lenzi imene yakhala zaka m'sutikesi, kuno kwathu kwa chinyezi chotere, ikhoza kukhala nacho. Chochepa cha m'mphepete sichiononga chithunzi, koma chimakula. Musaibwezerenso m'chikwama chake chachikopa. Isungeni m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo muziitulutsa kawirikawiri ione kuwala.

M'tchalitchi kapena muholo yambirani pa f/2.8, 1/125, ISO 1600, kenako histogram ikutsogolereni. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, ndipo mababu aatali aja ndi ena a LED amaphethira motsatira pamenepo ngakhale diso siliona. Mukaona zithunzi zotsatizana zikusiyana kuwala kapena mtundu manambala musanasinthe, tsikirani pa 1/100 kapena 1/50 mugwire kamera zolimba. Fulashi iikeni pa manyuwalo, sipidi isapitirire 1/200. Ndipo ngati m'sutikesi muja munalinso fulashi ya malume, musaiveke pa Canon musanaiyezetse: mafulashi ena akale amatulutsa mavoti oposa 200 pa phazi lake, okwanira kuotcha zam'kati mwa kamera ya masiku ano. Mukadzagula adaputala ina yokhala ndi chip, yomwe imaliza kamera fokasi ikagwira, nambala ya bowo imene kamera ikulemba muisiye pomwepo, musaisinthe pa gudumu. Bowo lenileni likhalabe la pa mphete ya lenzi.

Tsiku la mwambo wotsatira fikani anthu asanatuluke muholo. Sankhani mtengo umodzi wa mthunzi wabwino, muimike mnzanu pamenepo, mupeze manambala anu pa M, mwina ISO 200, f/2.8, 1/500, muone histogram, muwasiye choncho. Mphete yolira ija iikeni pa 2.8, kuti ngakhale mutaiwala kutseka, kusiyana kukhale sitepe imodzi yokha, osati anayi. Helios ikhale ya munthu mmodzi kapena awiri, womaliza maphunziro ndi agogo ake. Banja lonse likasonkhana, anthu khumi ndi asanu ndi ana omwe, bwezeranipo lenzi yanu ya masiku onse, chifukwa pa 58mm mudzafunika kubwerera m'mbuyo mpaka kumsewu kuti onse akwane.